Makina a gemu ndinagula ndi ndalama zanga, nanga akundiletseranji kuwatsegula?

Kalulu_wa_Mawaya
Anzanga a pagulu, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi makina a gemu amene ndakhala nawo zaka zisanu ndi zinayi. Mwezi wathawu anasiya kuwerenga madisiki. Ukaika disiki imazungulira kawiri, kulira ngati ikukukuta mchenga, kenako zii. Ndinapeza makina ena a mtundu womwewo amene anafa bolodi, ndinazulamo drive yake yabwinobwino n'kuika mu anga. Disiki tsopano ikuzungulira bwino, koma gemu osatseguka. Nditafufuza ndamva kuti drive iliyonse anaikwatitsa ndi bolodi yake kufakitale, ndipo kuti yatsopanoyi ivomerezeke ndiyenera kulowa mu pulogalamu ya m'kati mwa makinawo, imene kampani inaitsekera ndi loko. Mnzanga wandiuza kuti kuthyola loko ameneyo ndi mlandu. Mlandu wanji? Madisiki anga onse ndi ogula, ali m'makatoni ake. Sindikufuna kuba gemu ya munthu. Ndikungofuna chinthu changa chigwire ntchito. Kodi makinawa ndi anga kapena ndinangobwereka osadziwa?

Gologolo22
Ndi ako aise. Tsegula. Palibe amene adzagogode pakhomo pako chifukwa cha drive.

Nkhwazi_Yokalamba
A Gologolo, kusagwidwa ndi kukhala ndi ufulu ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo a Kalulu afunsa chachiwiricho. Ndiyankhe mofatsa chifukwa nkhaniyi ndakhala ndikuitsata nthawi yaitali.

Pulasitiki, waya, fani, bolodi, zonsezo ndi zanu. Mutha kuzipenta, kuziboola, kuzigulitsa, palibe angakufunseni. Vuto lili pa pulogalamu yoyendetsa makinawo. Makampani amati imeneyo sanakugulitseni, anangokupatsani chilolezo choigwiritsa ntchito, ndipo munavomera tsiku lija munadina batani loti mwagwirizana nazo musanawerenge. Pamwamba pa chilolezocho palinso lamulo. Ku America lilipo lotchedwa DMCA, la mu 1998, ndipo gawo 1201 la lamulolo limaletsa kuthyola loko woteteza zinthu za umwini wa olemba, ngakhale wothyolayo asakopere kanthu. Kuthyolako pakokha ndiko kulakwa. Mayiko ambiri ali ndi malamulo ofanana nalo chifukwa anasaina mapangano a mu 1996 a WIPO, bungwe la mayiko loona za umwini wa olemba ndi opanga zinthu.

Koma pa nkhani yanu yeniyeniyo pali kampata. Zaka zitatu zilizonse ofesi ya Librarian of Congress imaunika zinthu zoti zichotsedwe pa chiletsocho. Mu 2021 inavomereza kuti munthu atha kuthyola loko wa makina a gemu pofuna kukonza kapena kusintha drive ya madisiki, bola akamaliza abwezere lokoyo mmene analili. Ndi drive yokhayo, osati china chilichonse. Ndipo limenelo ndi lamulo la ku America. Kumene muli inu muyenera kuona lamulo la kwanuko.

Kalulu_wa_Mawaya
Zikomo akulu. Ndiye ngati ndaloledwa, chida chothyolera ndikachipeza kuti?

Nkhwazi_Yokalamba
Apo ndiye pali mfundo yopweteka. Chilolezo chija chimakhudza inu wokonza, koma kupanga ndi kugawa zida zothyolera kudakali koletsedwa ndi gawo lomwelo. Ndiye kuti mwaloledwa kulowa m'nyumba mwanu, koma aliyense wokusulirani kiyi ndi wolakwa. Amene sadziwa kulemba pulogalamu payekha ufulu umenewo amangoumva.

Wolemba_Magemu
Ndilankhule ngati munthu amene amadya za ntchito imeneyi. Tilipo anayi pa kagulu kathu, ndipo gemu imodzi imatitengera zaka ziwiri. A Kalulu ndikuwakhulupirira kuti akufuna kukonza drive basi. Koma tiyeni tinene zoona pagulu pano: mwa anthu khumi amene amachita jailbreak (kuthyola loko wa pulogalamu) makina awo, ndi angati amachitira drive? Ambiri amafuna magemu aulere. Loko amene mukumudandaula ndi yemweyo amachititsa kuti ine ndikagulitsa gemu ndilandire kanthu. Mukamugwetsa chifukwa cha munthu mmodzi wachilungamo, mwatsegulira onse. Makampani akuluakulu adzapirira, ali ndi nkhokwe. Amene timafa ndi ife ang'onoang'ono.

Chiphaniphani
Ndiye chifukwa ena ndi akuba, a Kalulu ataye makina abwinobwino kudzala?

Wolemba_Magemu
Sindinanene kuti ataye. Ndikunena kuti lokoyo sanaikidwe mwa nkhanza chabe. Drive anaikwatitsa ndi bolodi chifukwa pa Xbox 360 anthu ankasintha pulogalamu ya mu drive kuti iziwerenga madisiki okopera ngati enieni. Zinafika poti mu November 2009 Microsoft inachotsa makina ambirimbiri pa Xbox Live, bwalo lake losewerera pa intaneti, nthawi imodzi. Amene anayambitsa mpikisano umenewu si makampani okha.

Chiphaniphani
Ndikumva achimwene, ndipo thukuta lanu ndikulilemekeza. Koma taonani chimene mukupempha. Mukuti ikaola imodzi zaola zonse, ndiye aliyense wogula aonedwe ngati mbala kufikira atafa. Kukopera gemu ndi mlandu kale, lamulo lake lilipo, wokopera agwidwe. Nanga lamulo lachiwiri loletsa munthu kugwira chinthu chake ndi la chiyani? Mpeni umapha, koma sitimanga wosula mipeni.

MayiWaAnyamata
Ine za malamulo sindizidziwa, koma ndili ndi funso. Ana anga anamatula kasitika kaja kamalembedwa kuti ukakachotsa waranti yatha, pofuna kupukuta fumbi mu fani chifukwa makina ankalira ngati ndege. Kodi pamenepo tataya zonse?

Sikuluwu_Dalaivala
Mayi, musade nkhawa kwambiri. Ine ntchito yanga ndi yokonza zimenezi. Kasitika kameneko kamaopseza kuposa mphamvu yake. Ku America bungwe la boma loteteza ogula la FTC mu April 2018 linalembera makalata makampani asanu ndi imodzi, kuphatikizapo Sony, Microsoft ndi Nintendo, kuwachenjeza kuti mawu oterowo akusemphana ndi lamulo la waranti la mu 1975. Kampani ikhoza kukana kukonza ngati kutsegula kwanuko ndiko kwaononga, koma osati chifukwa choti sitika yang'ambika basi. Mayiko ena malamulo ake ndi ena, komabe kupukuta fumbi si kuthyola loko. Anawo anachita bwino. Fumbi ndi kutentha ndi zimene zimapha makina ambiri amene amafika patebulo panga.

Ndionjezere kwa a Wolemba. Pa Xbox yoyamba ija ya mu 2001 muli capacitor yosunga nthawi imene ikakalamba imadontha n'kudya bolodi. Aliyense wosunga makina amenewo amaizula. Hard disk yakenso inatsekeredwa ku bolodi yake, ndiye ikafa usanatulutse kiyi wake wa mu EEPROM (kachip ka pa bolodi kosunga kiyiyo), kuika ina ndi chintchito. Njira yosavuta yotulutsira kiyiyo ndi softmod, kuthyola loko ndi pulogalamu chabe. Ndiye munthu wofuna kupulumutsa makina a zaka zoposa makumi awiri amayamba wathyola loko, osati chifukwa cha umbava koma chifukwa palibe khomo lina. Kampani yake sikonzanso makina amenewo. Ndani akutaya ndalama pamenepo?

Mlenje_wa_Usiku
Inu nonse mukuyankhula ngati munthu amasewera yekha m'chipinda. Ine ndimasewera pa intaneti usiku uliwonse. Munakumanapo ndi munthu woona kuseri kwa khoma, amene chipolopolo chake sichiphonya? Ameneyonso amati makina ndi ake, ali ndi ufulu. Ufulu wake ukundionongera ine madzulo anga. Ine ndinasankha console m'malo mwa kompyuta chifukwa cha loko yemweyo.

Gologolo22
Obera alipo ngakhale pa makina osathyola, aise. Amalumikiza tizida pa controller.

Mlenje_wa_Usiku
Alipo, koma ochepa. Ukatsegula chitseko amachuluka.

Nkhwazi_Yokalamba
A Mlenje mwakhudza malire enieni, ndipo ine ndili nanu theka. Seva ndi ya kampani. Magetsi ake, antchito ake, zonse amalipira iwo. Ngati walowa ndi makina osinthidwa, akuchotse, ndipo sindidzakulirira. Bwalo ndi lawo. Koma bokosi lili m'nyumba mwako si bwalo lawo. Kukutseka pa intaneti ndi nkhani ina, kukuphera makina ndi nkhani inanso.

N'chifukwa chake anthu anakwiya mu May 2025, Switch 2 itatsala pang'ono kutuluka, pamene Nintendo inasintha mgwirizano wa ogwiritsa ntchito a ku America n'kulembamo kuti ukaphwanya malamulo awo akhoza kuchititsa kuti makinawo asagwirenso ntchito mpaka kalekale, onse kapena mbali ina. Ku Brazil bungwe loteteza ogula la Procon la ku São Paulo linawauza kuti mawu amenewo ndi opondereza. Zimene zaoneka mpaka pano ndi kutseka makina pa intaneti, makamaka amene anaikamo makatiriji okopera. Koma kungolemba mawu oterowo kukusonyeza mmene iwo amaonera chinthu chimene unalipira: ngati chawo chimene chikungogona kwanu.

Mlenje_wa_Usiku
Kupha makina ayi, pamenepo nanenso ndikukana. Amuchotse pa intaneti basi.

Kadzidzi_404
Ndiye tagwirizana kale kuposa mmene tikuganizira. Koma pali nkhani imodzi imene simunaitchule, ndipo kwa ine ndiyo mutu wa zonse: PlayStation 3.

Pamene inkatuluka mu 2006, inali ndi gawo lotchedwa OtherOS lolola munthu kuikamo Linux. Sichinali chinyengo cha akuba, Sony yomwe inachilengeza. Anthu a kafukufuku anagula makinawa chifukwa cha purosesa yake ya Cell. Asilikali a m'ndege a ku America analumikiza 1,760 n'kupanga kompyuta yamphamvu yotchedwa Condor Cluster. Ndiye pa 1 April 2010 kunabwera update 3.21 imene inachotsa OtherOS pa makina amene anthu anali atagula kale. Unali ndi chisankho: ukane update n'kutaya PSN (masewera ndi sitolo ya Sony ya pa intaneti) ndi magemu atsopano, kapena uvomere n'kutaya Linux. Mbali zonse ziwiri wataya chinthu chimene unalipira.

Taonani chimene chinatsatira. Kwa zaka zoposa zitatu akatswiri ambiri sanavutike ndi loko wa PS3 chifukwa khomo la Linux linali lotsegula. Litatsekedwa, mu December 2010 gulu la fail0verflow linaima pa msonkhano wa Chaos Communication Congress ku Berlin n'kusonyeza kuti Sony inalakwitsa posaina mapulogalamu ake. Nambala imene imayenera kusintha mwachisawawa nthawi iliyonse yosaina inali yomweyomweyo, ndipo ndi masamu ochepa kiyi wachinsinsi ankatuluka. Mu January 2011 katswiri wothyola maloko George Hotz anaika kiyi pa intaneti, Sony n'kumusumira. Khoti linalola Sony kupeza ngakhale ma adiresi a intaneti a anthu amene anangolowa pa tsamba lake. Mlanduwo unatha mwa kugwirizana mu April 2011, Hotz atalonjeza kusakhudzanso zinthu za Sony, ndiye palibe woweruza amene anagamula funso la a Kalulu. Ogula nawo anasumira Sony pa za OtherOS, ndipo patapita zaka zambiri kampaniyo inavomera kulipira madola 3.75 miliyoni kuti nkhani ithe.

Chimene chimandiwawa n'chakuti kampani ikasintha makina ako usiku uli mtulo, dzina lake ndi update. Iwe ukasintha makina omwewo, dzina lake ndi mlandu.

Wolemba_Magemu
Za OtherOS sindingaziikire kumbuyo, analakwa. Koma musaiwale kuti anachotsa Hotz atagwiritsa ntchito khomo lomwelo la Linux kulowa mkati mwa chitetezo kumayambiriro kwa 2010. Sanadzuke m'mawa n'kungochotsa.

Kadzidzi_404
Zoona. Munthu mmodzi anaboola, ndipo olangidwa anali mamiliyoni amene sanamudziwe n'komwe.

Nthiwatiwa
Pepani ndikhotetse pang'ono. Si magemu okha. Printer yanga inakana inki ya kampani ina itangolandira update, inki yoti dzulo lake inkagwira ntchito. Alimi a ku America akhala akulimbana ndi John Deere zaka zambiri kuti azitha kukonza mathirakitala awo okha. Matendawa ndi amodzi.

Gologolo22
Mafoni nawo. Kusintha batire kokha foni imayamba kukuchenjeza ngati waba.

Sikuluwu_Dalaivala
Za mabatire musayambe, tingachezere pano. Guluu amene amamatira mabatire masiku ano amafuna chotenthetsera ndi mtima woleza. Ndaboolapo awiri, utsi wake sindiufunanso.

Nthiwatiwa
Koma foni anailola jailbreak eti?

Nkhwazi_Yokalamba
Eya, mu 2010 ofesi ija inalola jailbreak ya mafoni. Anthu atapempha zomwezo pa makina a gemu mu 2012, anakanidwa, chifukwa chake n'chomwe anena a Wolemba, chakuti pa console kuthyola ndi kukopera zimayendera limodzi. Ndipo onani izi: madera a ku America amene akhazikitsa malamulo a ufulu wokonza zinthu, monga California ndi Minnesota, anachotsamo makina a gemu mwadala. Laputopu ukhoza kufunsa zipangizo zake ndi buku lake, console ayi.

Kalulu_wa_Mawaya
Tibwerere ku makina anga abale, printer ya a Nthiwatiwa tiitsegulira nkhani yake. Funso lina: kodi dziko lonse limaona chimodzimodzi?

Nkhwazi_Yokalamba
Ayi. Ku Australia mu 2005 khoti lalikulu linaweruza mokomera Eddy Stevens, munthu amene ankaika ma modchip (tizida tolambalala loko) mu PlayStation, ndipo oweruza anatchulapo zoti loko yemweyo ankaletsanso munthu kusewera gemu yeniyeni yogulidwa kudera lina. Pambuyo pake lamulo la dzikolo linasinthidwa kutsatira pangano la malonda ndi America. Ku Britain mu 2010 khoti linagamula kuti makadi a R4, olola Nintendo DS kuyendetsa magemu okopera ndi mapulogalamu ena, ndi oletsedwa, ngakhale wogulitsa ananena kuti amagwiranso ntchito zabwino. Khoti la European Union mu January 2014, pa mlandu wa Nintendo ndi PC Box ya ku Italy, linati loko amatetezedwa ndi lamulo pokhapokha ngati sapyola muyeso, ndipo woweruza ayenera kuona zimene anthu amachitadi ndi chida chothyoleracho. Khoti lomwelo mu October 2024 linakana dandaulo la Sony pa Datel, n'kunena kuti chida chongosintha manambala amene gemu ikusunga mu memory pamene ikuyenda sichikuphwanya umwini wa pulogalamuyo. Zikufanana ndi chigamulo cha ku America cha mu 1992 pa Game Genie, chida chosinthira mmene gemu ikuyendera.

Japan ndiye wouma kwambiri. Kuyambira kumapeto kwa 2018 ngakhale kugulitsa ntchito yosintha ma save kapena makina ndi mlandu, ndipo mu January 2025 bambo wina anamangidwa chifukwa chogulitsa ma Switch osinthidwa.

Mukaona milandu yonseyi, amene amagwidwa ndi ogulitsa zida ndi ogawa makiyi. Koma monga ndanena kale, ogulitsawo akatha, wokonza yekha amatsala manja m'khosi.

Chiphaniphani
Gary Bowser, wa gulu logulitsa zida zothyolera Switch. Miyezi 40 kundende, ndi ngongole ya madola 14.5 miliyoni imene sadzaimaliza moyo wake wonse. Munthu wa zaka zoposa makumi asanu. Anatuluka mu 2023 ndipo gawo la chilichonse chimene angapeze likupita ku Nintendo. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Wolemba_Magemu
Apa ndiye musasakanize, chonde. Team Xecuter imene Bowser ankaigwirira ntchito sinali kagulu ka ana okonda kuphunzira. Inkagulitsa SX OS, pulogalamu yothyolera Switch, ndi zida zake, malonda enieni, ndipo chokopa chachikulu chinali kusewera magemu osalipira. Iye mwini anavomera mlandu. Ngati mukufuna kuteteza a Kalulu, musawaimike pamzere umodzi ndi anthu amenewo, mukuwaonongera mlandu.

Chiphaniphani
Sindikuti anali wosalakwa. Ndikuti chilangocho sichinali cha kulakwa kwake kokha, chinali choopsezera tonse.

Kadzidzi_404
Nonse awiri mukunena zoona, ndipo anthu ambiri a homebrew, olemba mapulogalamu awoawo a pa makinawa, sankawakonda a Xecuter. Amene anapeza bowo la mu chip ya Tegra X1 ya Switch yoyamba mu 2018 anadziwitsa Nvidia, yopanga chipyo, ndi Nintendo asanalengeze, ndipo sanagulitse kanthu. Kusiyana kulipo, kungoti lamulo silikuona bwino.

Ndipo a Wolemba, pali china chimene homebrew inapatsa dziko. Andrew Huang, wophunzira wa ku MIT, atathyola Xbox yoyamba mu 2002, anthu analemba pulogalamu yoonera mafilimu pa makinawo, XBMC. Lero ndi Kodi, imene ili m'nyumba zambirimbiri. Anthu ambiri olemba magemu anayambira pa makina othyola chifukwa zida zovomerezeka zinali za makampani okha.

Wolemba_Magemu
Ndivomere, inenso kagemu kanga koyamba ndinakayendetsa pa makina a m'manja othyola ndili mnyamata. Sindinaiwale. Koma nthawi imeneyo ndinalibe antchito oti ndiwalipire kumapeto kwa mwezi.

Dzanja_Limodzi
Ndakhala ndikuwerenga chete. Mchimwene wanga anachita ngozi ndipo dzanja lake lamanzere siligwira. Ndinamutsegulira controller, kusamutsa mabatani, ena kuwaika pansi kuti azidina ndi phazi, ndipo zimadutsa pa kachida kolumikizira kosavomerezeka ndi kampani. Masewera ndi malo amodzi amene amapikisana ndi anzake mofanana. Update iliyonse ikabwera mtima umakhala m'mwamba, kuopa kuti mawa kachidako kakanidwa. A Mlenje, kwa makina, iyeyo ndi wobera uja mumamudandaula amaoneka chimodzimodzi. Sindikudziwa yankho lake, koma mukamapempha loko wolimba muzimukumbukira.

Mlenje_wa_Usiku
Pepani achimwene, zimenezo sindinaziganizire. Mupereke moni kwa akuluwo. Komabe vuto langa silinachoke, ndingoti njira yake isakhale yotsekera onse.

Sikuluwu_Dalaivala
Zinachitikapo kale. Mu November 2023 Microsoft inayamba kukana zida zosavomerezeka pa Xbox, ndipo ena mwa amene anadandaula kwambiri anali osewera olumala ndi a magemu omenyana amene amagwiritsa ntchito ma arcade stick awoawo. Kunena chilungamo, kampani yomweyo ndi imene inatulutsa Adaptive Controller mu 2018, ndipo ndi chida chabwino. Kungoti thupi la munthu aliyense ndi losiyana, fakitale singathe kuganizira onse. Wokhala naye m'nyumba ndi amene amadziwa batani liyenera kukhala pati.

MayiWaAnyamata
A Dzanja, Mulungu akudalitseni pa zimene munamuchitira m'bale wanu. Ine chimene chikundidetsa nkhawa tsopano ndi magemu amene ana amagula pa intaneti opanda disiki. Sitolo yake ikadzatsekedwa zidzatha bwanji?

Kadzidzi_404
Mayi, fodya wako ndi amene ali pamphuno. Sitolo za 3DS ndi Wii U zinasiya kugulitsa mu March 2023, ndipo masewera a pa intaneti a makinawo anazimitsidwa mu April 2024. Zogula kale ukhoza kuzitsitsanso pakali pano, koma magemu amene ankapezeka m'sitolomo mokha palibenso pogula. Amene akusewerabe ndi anzawo pa makinawo akudutsa pa ma seva a Pretendo, opangidwa ndi anthu wamba, ndipo kawirikawiri umafunika makina osinthidwa kuti ulowe. Bungwe la Video Game History Foundation linapeza mu 2023 kuti 87 pa 100 alionse a magemu amene anatuluka ku America chisanafike chaka cha 2010 sakugulitsidwanso. Mu 2024 malaibulale anapempha kuti aziloledwa kuonetsa magemu akalewa kwa ofufuza kudzera pa intaneti, anakanidwa. Ndiye amene akusunga mbiri imeneyi ndi anthu omwewo lamulo limawatcha othyola.

Wolemba_Magemu
Apa sinditsutsa. Gemu yanga ikadzasiya kugulitsidwa, ndingakonde wina aisunge kusiyana n'kuti ifere mu seva yozimitsidwa. Mwina malire ake akhale nthawi. Makina akadali pamsika, loko akhalepo. Kampani ikasiya kuwapanga, kuwakonza ndi kugulitsa magemu ake, itulutse kiyi kapena isiye kulondola anthu.

Chiphaniphani
Ndiye ufulu wanga uyambe kampani ikatopa? Ine ndinalipira tsiku loyamba, osati patatha zaka khumi.

Wolemba_Magemu
Inenso ndimafuna kulipidwa tsiku loyamba, achimwene, osati patatha zaka khumi.

Nkhwazi_Yokalamba
Pali njira imene yayesedwa kale ndipo sikudikira zaka khumi. Xbox One ndi Series zili ndi Developer Mode: umalembetsa, makina amalowa m'chipinda china chosiyana ndi cha magemu ogula, ndipo mmenemo umayendetsa mapulogalamu ako. Wofuna kuphunzira wapeza pochitira, loko wa magemu a Wolemba sanakhudzidwe. Makina amenewo anakhala zaka zambiri osathyoledwa, ndipo ine ndikukhulupirira kuti china mwa zifukwa zake n'chakuti akatswiri analibe chowakwiyitsa. Valve ndiye inapita patali ndi Steam Deck mu 2022: ukhoza kuikamo Windows kapena chilichonse, ndipo zipangizo zake zosinthira zimagulitsidwa poyera kudzera ku iFixit. Magemu akugulidwabe pa Steam. Sony yomwe inagulitsapo Net Yaroze, PlayStation yolembera magemu ako, mu 1997 ndi Linux ya PS2 mu 2002. Sizachilendo, anangosiya.

A Chiphaniphani sizikukwanirani, ndikudziwa, chifukwa chipinda chimene wapatsidwa akhoza kukulanda monga anachitira ndi OtherOS. N'chifukwa chake ine ndimafuna zilembedwe m'lamulo osati mu chifundo cha kampani: chimene chinalipo pogula chisachotsedwe, kukonza kusakhale mlandu kwa wokonza ndi wopanga chida chokonzera, ndipo makina a munthu asaphedwe ali kutali.

Gologolo22
Nanga a Kalulu atani usiku uno? Malamulo amenewo sabwera mawa.

Sikuluwu_Dalaivala
A Kalulu, musanathyole chilichonse, kodi drive yakale ija munaitaya?

Kalulu_wa_Mawaya
Ayi, ili m'katoni pansi pa bedi.

Sikuluwu_Dalaivala
Ndiye mwina loko simumukhudza n'komwe. Pa makina ambiri chimene chinakwatitsidwa ndi bolodi yaikulu si drive yonse, ndi kabolodi kakang'ono kali pa drive. Chimene chimafa kawirikawiri ndi diso la laser kapena mota. Zulani kabolodi ka pa drive yanu yakale muike pa yatsopanoyo, kapena tengani laser ya yatsopanoyo muike mu yakale. Onetsetsani kaye kuti manambala a mtundu wa drive ziwirizo akufanana, chifukwa makina a dzina limodzi amakhala ndi ma drive osiyana malinga ndi chaka. Jambulani chithunzi musanazule chingwe chilichonse. Tizingwe tafulati tija timang'ambika msanga, tukulani kachotsekera kake ndi chikhadabo, osakoka. Pa mitundu ina kabolodiko anakasamutsira pa bolodi yaikulu, ndipo ngati anu ndi otero vuto lili pena, mundiuze tione.

Kalulu_wa_Mawaya
Ndatsegula zonse ziwiri. Kabolodi kalipo, manambala akufanana kupatula chilembo chomaliza. Pali waya ziwiri zofunika kuwotcherera ndipo chowotcherera changa nsonga yake ndi yaikulu, ndiye ndidikira ndibwereke chaching'ono. A Sikuluwu, chilembo chomalizacho chili ndi vuto?

Sikuluwu_Dalaivala
Tumizani chithunzi cha zomata zonse ziwiri, ndi cha pamene chingwe cha laser chimalowa. Ndiziona ndikaweruka.